Alleluya Band: Sukulu ya Oimba a ku Balaka

Gulu loimba la Alleluya Band lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1978 pa parishi ya Katolika ya Balaka, pa nthawi imene dera la Balaka linali mbali ya boma la Machinga, popeza lidadzakhala boma palokha m'chaka cha 1998. Amene adalilera ndi Bambo Mario Pacifici, wansembe wa chipani cha Montfort wochokera ku Italy, pamodzi ndi Paul Banda, mnyamata wa komweko amene adakhala mtsogoleri wa maimbidwe a gululi. Monga momwe nyimbo za soul za ku America zidatulukira m'makwaya a m'tchalitchi, maimbidwe a Alleluya adayambira pa mapemphero, kenaka adafika m'maholo, m'mabwalo a masewera ndi m'minibasi.

Chamba chimene chidadziwika ndi dzina loti rege ya ku Balaka chili ndi zizindikiro zosasowa: gitala ya besi, yomwe ndi ija ya mawu aakulu, imayenda mofatsa, kiyibodi imadumphadumpha pakati pa kugunda kwa ng'oma, ndipo mawu a oimba amalukana monga a kwaya, wotsogolera akuyambitsa, anzake akuvomera. Rege ndi chamba cha ku Jamaica, koma a ku Balaka adaifewetsa ndi kuiveka Chichewa cholankhula za umasiye, umphawi, ukwati ndi chikhulupiriro, kotero kuti ngakhale agogo a kumudzi sadaione ngati yachilendo.

Chachikulu koposa chimene gululi lidachita, ngakhale sichitchulidwa mokwanira, ndi kuphunzitsa. Kale woimba wofuna kujambula nyimbo ankadalira kwambiri wailesi ya MBC ku Blantyre, koma Paul Banda atatsegula situdiyo ya Imbirani Yahwe, yomwe ambiri amangoitcha IY, achinyamata adayamba kulowera ku Balaka, ndipo makaseti ojambulidwa kumeneko adadzaza misika m'zaka za m'ma 1990. M'manja mwa Alleluya mudadutsa Charles Sinetre, Coss Chiwalo, Foster Chimangafisi, Paul Subili ndi Rod Valamanja, ndipo aliyense mwa iwo adatulukamo akudziwa kugwira chida, kupeka nyimbo ndi kuima pamaso pa khamu.

Wotchuka kuposa onse ndi mng'ono wake wa Paul, Lucius Banda, amene adabadwa m'chaka cha 1970 ndipo adatulutsa chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, pamene ulamuliro wa chipani chimodzi unali kutha. Sizodabwitsa kuti liwu lopanda mantha ngati lake lidachokera ku Balaka, chifukwa kalata ya maepiskopi ya m'chaka cha 1992, imene idadzudzula boma la Kamuzu Banda, idasindikizidwa m'tauni yomweyo ndi a Montfort. Lucius, amene anthu adamupatsa dzina loti Soldier kaamba koimbira amphawi mopanda mantha, adayambitsa Zembani Band m'chaka cha 1997, adasankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo wa kumpoto kwa Balaka m'chaka cha 2004, ndipo adamwalira ku South Africa pa 30 June 2024.

Alleluya yokha sidagwe pamene akuluakuluwa ankachoka mmodzimmodzi. Ili pansi pa bungwe la Andiamo, lomwe limayendetsanso sukulu ndi ntchito zina zachitukuko ku Balaka, ndipo yakhala ikupita kukaimba ku Italy ndi oimba achinyamata amene adalowa m'malo mwa oyamba aja.