Mkwiyo wa ku Asheville ndi mkwiyo wa ku New York

Mu 1929 Thomas Wolfe anatulutsa buku lake loyamba, Look Homeward, Angel. Tauni ya kwawo, Asheville ku North Carolina, anaipatsa dzina loti Altamont, koma palibe anapusitsika. Eliza Gant, mayi woumira wa nyumba yogona alendo, anali amayi ake enieni, a Julia. Anthu ankawerenga akulozerana kuti uyu ndi uje. Wolfe analandira makalata oopseza, laibulale ya m'tauniyo inakhala zaka ilibe bukulo, ndipo iye sanapondenso kwawo mpaka 1937.

Truman Capote anachitanso zangati zomwezo mu 1975, pamene magazini ya Esquire inasindikiza "La Côte Basque, 1965", chigawo cha buku lake Answered Prayers. Mmenemo munali Ann Hopkins, amene aliyense anazindikira kuti ndi Ann Woodward, mayi amene anawombera mwamuna wake mu 1955 nanena kuti anamuyesa wakuba. Mayiyu anadzipha nkhaniyo ili pafupi kutuluka, ndipo ambiri anati chifukwa chake n'chomwecho. Munalinso za chimasomaso cha bambo wina wolemera amene anthu anamufanizira ndi William Paley, amene anali mkulu wa CBS, mwamuna wa Babe Paley, bwenzi la pamtima la Capote.

Onse awiri anapweteka anthu amoyo, ndipo Wolfe sindimuyeretsa: kuulula umbombo wa amayi ako pamaso pa dziko si chinthu chaching'ono. Komabe ndikuona kusiyana. Zambiri zimene Wolfe analemba n'zimene anakula akuziona, ndipo iye mwini anadziika m'bukumo monga Eugene Gant, zofooka zake zili poyera. Woŵerenga amamva chikondi ngakhale pamene mawu akuluma. Capote anatenga zimene amayi olemera a ku New York, amene anali anzake, anamunong'oneza pa chakudya, akumukhulupirira ngati mlongo wawo, n'kuzimwaza osazisintha kwenikweni kupatula maina.

N'chifukwa chake, ine ndikuganiza, mikwiyo iwiriyi inatha mosiyana. A ku Asheville anakwiya chifukwa cha manyazi, ndipo manyazi amazirala munthu wanu akatchuka. Wolfe atabwerera mu 1937 anamulandira bwino, ndipo nyumba ya amayi ake lero ndi malo omukumbukirapo. Anzake a Capote anamutsekera zitseko. Babe Paley anamwalira mu 1978 asanayanjane naye, ndipo Capote anamwalira mu 1984 buku la Answered Prayers asanalimalize.