Kodi Makina Angaloŵe M'malo mwa Loya?

M'chaka cha 2023, m'bwalo lina la milandu ku New York munachitika nkhani imene inadzidzimutsa anthu odziŵa malamulo. Munthu wina anasumira kampani ya ndege ya Avianca ponena kuti kangolo konyamulira zakudya kanamuvulaza bondo ali m'ndege. Loya wake, pofuna milandu yakale yoti itsamirepo dandaulo lakelo, anafunsa ChatGPT, makina a pa kompyuta amene amayankha mafunso ngati munthu.

Makinawo anamupatsa milandu isanu ndi umodzi, maina ndi zaka zomwe, pamodzi ndi mawu a oweruza. Loyayo atafunsanso ngati milanduyo inalidi yoona, makinawo anavomera. Koma maloya a mbali inayo atafufuza m'mabuku sanapezemo ngakhale umodzi. Yonse inali yopeka. Mu June chaka chomwecho, woweruza P. Kevin Castel analamula maloya aŵiri ndi kampani yawo kuti alipire chindapusa cha madola 5,000.

Chinachititsa zimenezi si njiru, pakuti makina alibe mtima. Makina otere anadyetsedwa zolembedwa zankhaninkhani, ndipo ntchito yake ndi kulosera liwu loyenera kutsata linzake. Motero amatha kulumikiza mawu omveka ngati chigamulo chenicheni, osadziŵa ngati chigamulocho chinaperekedwapo. Bodza lake limatuluka losalala ngati choonadi.

Sikuti makinaŵa ngachabe ayi. Amafupikitsa chikalata chachitali m'kanthaŵi kochepa, ndipo munthu wosauka amene sangathe kulipira loya angamve tanthauzo la pangano asanasaine. Woweruza Castel yemweyo ananena kuti kugwiritsa ntchito chida chodalirika sikulakwa. Chimene anadzudzula n'chakuti maloyawo sanatsimikize zimene anapereka ku bwalo, ndipo anapitiriza kuziikira kumbuyo atachenjezedwa kale.

Pamenepa ndiye pagona nkhani. Loya amalumbira, amasunga chinsinsi cha womutuma, ndipo akanamiza bwalo angathe kulandidwa chiphaso. Makina salumbira, ndipo alibe chiphaso choti alandidwe. Chinsinsi chimene munthu walemba m'makinamo chimakasungidwa pa makompyuta a kampani ina kutali, kumene iye sangachilondole. Wosauka uja ndiye ali pangozi koposa: loya wa ku New York anali ndi anzake a mbali ina amene anatulukira bodzalo, koma munthu wofunsa makina ali yekha kunyumba alibe womuuza kuti lamulo limene waŵerengalo kulibe.