Nyamakazi ikaleka kupweteka mayi ali ndi pakati, sikuti yatha

Pali mtundu wa nyamakazi umene sudikira ukalamba. Umagwira amayi a msinkhu wobereka: zala ndi mikono zimatupa mbali zonse ziwiri, ndipo m'mawa zimauma mpaka kulephera kugwira mthiko. Madokotala amati rheumatoid arthritis. Imabwera pamene chitetezo cha m'thupi chasokonekera n'kuyamba kuukira mfundo za mwini wake.

Chodabwitsa n'chakuti amayi ambiri odwala nthendayi amapeza bwino akatenga pakati. Dokotala wa ku America, Philip Hench, analemba zimenezi mu 1938, ndipo kufunafuna chifukwa chake kunamufikitsa pa mankhwala a cortisone mu 1948.

Chimachitika n'chiyani? Mwana wa m'mimba amatenga theka la chibadwa chake kwa bambo, choncho kwa thupi la mayi ndi mlendo. Kuti asakanidwe, malangizo a chibadwa amene ali m'maselo a magazi amasintha kagwiridwe ka ntchito: ena oyambitsa kutupa amazirala, ena oziziritsa amadzuka. Mfundo nazo zimapumirako pamenepo.

Koma mayi akachira, chitetezo chimabwerera mwakale, ndipo nthawi zambiri ululu umabweranso m'miyezi itatu yoyamba. Kumudzi ena amati ndi tsempho, ena amaloza apongozi. Palibe walakwa. Ndi nthenda yomwe ija.

Nthenda ina ya banja lomweli, lupus, siipepuka chotere. Ikhoza kukula pa nthawi ya pakati, kuwononga impso ndi kukweza kuthamanga kwa magazi. Mayi ayenera kudikira kuti nthendayi ikhale chete miyezi 6 asanatenge pakati.

Tsono kumbukirani izi. Mankhwala a methotrexate amavulaza mwana m'mimba. Uzani dokotala musanatenge pakati kuti akusinthireni. Hydroxychloroquine amaloledwa, musasiye panokha. Ibuprofen ndi diclofenac ogula pamsika n'ngoopsa kwa mwana, makamaka miyezi itatu yomaliza.

Kaya sikelo mumapita ku Ulongwe kapena kutsidya ku Dedza, tengani khadi lanu ndipo onetsani anamwino mankhwala onse amene mukumwa. Abambo ndi anakubala, mayi akachira mukonzeke kumuthandiza kutunga madzi ndi kunyamula khanda, chifukwa manja aja akhoza kukananso.