Jesse Boot: zinthu 6 zodabwitsa za mwana wamasiye amene anatsitsa mtengo wa mankhwala

Amene anapondako ku Britain anawaona masitolo a mankhwala a Boots. Munthu amene anawakulitsa, Jesse Boot, anabadwira ku Nottingham mu 1850.

1. Sanaphunzire za mankhwala kusukulu. Bambo ake, John Boot, anali ndi kasitolo ka mankhwala azitsamba, koma anamwalira mu 1860 Jesse ali ndi zaka 10. Atakwanitsa zaka 13 anasiya sukulu kuti azithandiza mayi ake, Mary, pa malondawo.

2. Eni masitolo anzake ankamuda, chifukwa chake mtengo. Iye ankapikula katundu wochuluka nthawi imodzi, n'kumagulitsa motchipa, osakongoza. Pamenepa m'pamene ndimamuvulira chipewa. Nottingham unali mzinda wa anthu ogwira ntchito m'mafakitale, amene sakanatha kulipira dokotala, ndipo Jesse anakulira pakati pawo. Ankadziwa kuti mankhwala amene wodwala sangakwanitse kugula sachiza munthu. Mu 1884 analemba ntchito Edwin Waring, katswiri wa mankhwala wovomerezeka, kuti nawo mankhwala olembedwa ndi dokotala azipezeka motsika mtengo.

3. M'masitolo akewo ankabwereketsanso mabuku! Nzeru imeneyi inachokera kwa mkazi wake, Florence Rowe wa pachilumba cha Jersey, mwana wa wogulitsa mabuku. Malaibulalewo anatsekedwa mu 1966.

4. Nyamakazi inamupundula Jesse mpaka kumayendera njinga ya olumala, koma pofika 1914 masitolo ake anali atapitirira 500.

5. Kampaniyo sanasiyire mwana wake. Mu 1920 anaigulitsa kwa Louis Liggett wa ku America, ndipo chuma chambiri Jesse anachibwezera kwawo ku Nottingham. Anapereka malo a Highfields pamene lero pali yunivesite ya Nottingham, nyumba zake n'kutsegulidwa ndi Mfumu George V mu 1928. Munthu wosiya sukulu ali mwana, kumangira ana a anzake sukulu yaukachenjede. Anamwalira mu 1931 ku Jersey, ndipo mu 1933 mwana wake John anatsogolera zoti kampaniyo ibwerere m'manja mwa anthu a ku Britain.

6. Brufen amene timamwa dzino kapena msana ukamawawa anatulukira ku Boots. Stewart Adams ndi John Nicholson ndi amene anapeza mankhwalawa, otchedwanso ibuprofen, ku Nottingham komweko, ndipo anayamba kugulitsidwa mu 1969. Adams anafufuza kwa zaka zambiri, ndipo chimene ankafunafuna chinali mankhwala a nyamakazi.