Okutobala wa ku Mangochi, Okutobala wa ku Hout Bay

Kumapeto kwa Seputembala, amalume ena a ku Mangochi omwe tayandikana nawo nyumba ku Imizamo Yethu, ku Hout Bay, anasesa masamba ndi mapepala kuseri kwa nyumba yawo yamalata, kuunjika pakona, n'kuyamba kupisa m'thumba kufuna machesi. Mayi wa nyumba yoyang'anana nayo atangoona, anakuwa ngati waponda mphiri. Amalumewo anadabwa. "Kodi ndalakwanji, mayi? Si nthawi yososa ino?" Inalidi nthawi yososa, koma ya ku Mangochi.

Ambiri a ife Amalawi kuno timagwira minda iwiri. Masana tili m'mabwalo aakulu a abwana ku Hout Bay, Llandudno kapena Constantia, komwe kuli kapinga, agalu, nkhuku zoweta mongosangalatsa, penanso ming'oma ya njuchi. Madzulo tili pa kadimba kathu ka m'matayala ndi m'zidebe zakale za penti. Konseko timapita ndi nzeru za kumudzi, ndipo zambiri zimatithandiza. Zina zimatipereka.

Yoyamba ndi ya mvula. Kwathu Okutobala akafika timadziwa kuti chizimalupsa chili pafupi, ndiye timasosa, kutentha zinyalala, kuunga mizere n'kumayang'ana kumwamba. Ku Cape Town zinthu n'zotembenuka. Mvula yambiri imagwa m'miyezi yozizira, makamaka kuyambira Juni mpaka Ogasiti, ndipo nyengo yomwe kuno amati spring, Seputembala mpaka Novembala, ndi pamene ikutsanzika. Kutsogoloku kuli dzuwa ndi mphepo yochokera kummwera chakummawa, ija amaitcha Cape Doctor, yomwe imaumitsa mchenga wa kuno tsiku limodzi. Mphepo imeneyi ikakumana ndi moto pakati pa nyumba zogundana, zotsatira zake tinaziona mu Malichi 2017, pamene nyumba zoposa 2,000 zinapsa muno mu Imizamo Yethu. Mayi uja sanakuwe pachabe.

Masamba amene amalumewo ankafuna kutentha ndi amenenso dimba lawo likusowa. Akayalidwa pamwamba pa dothi amasunga chinyezi, ndipo amene analipo mu 2018, pamene munthu ankaloledwa malita 50 okha a madzi patsiku, sangaseke zimenezi. Mpiru ndi repu zimakonda kuzizira. Masiku akayamba kutalika zimathamangira kuchita maluwa, masamba n'kuchepa. Mbewu siinalodzedwe ayi, nyengo yake yatha. Ino ndi nthawi ya tomato, nyemba ndi maungu a nkhwani, pamalo otchingidwa ku mphepo, ndipo wobzalayo adziwiretu kuti azithirira mpaka Malichi.

Timanenanso kuti zitosi za nkhuku ndi feteleza wa chilichonse. Zosaola zimawotcha mizu ndipo zimatha kusiya tizilombo totsegula m'mimba pa ndiwo zamasamba. Ziyambe zasakanizidwa ndi masamba ouma n'kuolerana miyezi ingapo. Koma ngakhale zitaola bwanji, pali zomera zina zomwe sizizifuna n'komwe. Maluwa a protea ndi anzake a m'gulu la zomera za kuno zotchedwa fynbos anazolowera dothi losauka la m'mapiri a kuno, ndipo mizu yake imayamwa msanga kamchere kalikonse kamene yapeza, makamaka phosphorus. Ukawathirira manyowa a nkhuku mokoma mtima, masamba amachita chikasu, chitsamba n'kuuma. Kupalira ndi khasu patsinde pake n'kulakwanso, chifukwa mizuyo ili pamwamba penipeni. Wofuna kuona mmene amasamalidwira akwere Constantia Nek n'kutsikira ku Kirstenbosch, munda umene unakhazikitsidwa mu 1913. Kupha protea wa adona ndi njira yachidule yobwerera kunyumba Lolemba m'mawa.

Za tambala sitichedwapo. Nkhuku yaikazi imaikira popanda tambala. Iye amafunika pokhapokha ukufuna anapiye. Chimene chimachulukitsa mazira nyengo ino ndi kuwala. Kuno tsiku la mu Juni limakhala la maola pafupifupi 10, la mu Disembala maola oposa 14, kusiyana kumene kwathu sitikuona kwenikweni. Choncho nkhuku zimene zinaleka kuikira mu Juni n'kuyambanso mu Seputembala sizinabedwe mazira ndi neba. Pamalo pothinana ngati pano, tambala amangokubweretsera milandu ya mbandakucha.

Chitopa nachonso sichimva tsabola kapena alovera wothira m'madzi. Chimayamba ndi vayirasi ndipo chimapewedwa ndi katemera. Komanso si imfa iliyonse ya nkhuku imene ili chitopa: mu 2023 chimfine cha mbalame chinapha nkhuku zochuluka m'dziko muno mpaka mazira anasowa m'masitolo. Mbalame zakutchire zimafalitsa matendawa, ndiye madzi ndi chakudya cha nkhuku zikhale pansi pa denga. Nkhuku zikafa zingapo nthawi imodzi, imeneyo ndi nkhani ya dokotala wa ziweto wa boma, osati ya mphika.

Njuchi ndiye zimanamiziridwa kwambiri. Nyengo ino maluwa akachuluka, mng'oma umadzaza, ndipo mfumukazi yakale imachoka ndi gulu lalikulu kukafuna malo atsopano. M'njira zimatera pa nthambi kapena pa mpanda, n'kukhala mulu wolendewera ngati dengu. Ena amati zikulosera alendo, ena amati zatumidwa, ndipo ambiri amathamangira muuni wamoto kapena Doom. Chonsecho njuchi za paulendo zimakhala zitakhuta uchi, zilibe ana kapena zisa zoti ziteteze, ndipo nthawi zambiri n'zofatsa kuposa za mumng'oma. Zikudikira anzawo amene apita kukazonda malo. Pakapita maola kapena masiku ochepa zimanyamuka zokha. Chotsani ana ndi ziweto, itanani mlimi wa njuchi ngati zatera poipa, basi.

Zoopsa ndi zimene zakhazikika kale. Kulira ndi kunjenjemera kwa makina otchetchera kapinga pafupi ndi mng'oma kumazikwiyitsa, ndipo amene amavulala kwambiri ndi osatha kuthawa: galu womangidwa pa tcheni, nkhuku zotsekeredwa m'khola. Musanalize makina, onani kumene mng'oma wayang'ana ndipo mumasule galu. Ikaninso mbale ya madzi yokhala ndi timiyala pafupi ndi mng'oma, kuti njuchi zisamakasonkhane pa chomwera cha nkhuku.

Ndipo njuchi si imodzimodzi paliponse, monga timaganizira. Ya kwathu ndi Apis mellifera scutellata. Ya kuno ndi Apis mellifera capensis, yakudako pang'ono, yomwe ili ndi khalidwe lodabwitsa: yantchito wamba imatha kuikira mazira oswa njuchi zazikazi popanda kukumana ndi yaimuna. Cha m'ma 1990 alimi atanyamula ming'oma ya kuno kupita nayo kumpoto kwa dzikoli, njuchi zimenezi zinalowerera ming'oma ya scutellata, kumaikira mmenemo osagwira ntchito, mpaka ming'oma yambirimbiri inatha. N'chifukwa chake kusamutsa njuchi kuli ndi malamulo, ndipo woweta njuchi aliyense ayenera kulembetsa ku dipatimenti ya zaulimi. Ine nkhani imeneyi imandisangalatsa kuposa nthano zonse za njuchi zotumidwa.

Chimene sichindisangalatsa ndi timapaketi ta mankhwala a makoswe togulitsidwa m'misewu. Amati n'tamphamvu kuposa ta m'sitolo. Mphamvu tilinayodi, poti ambiri ndi mankhwala a m'minda ikuluikulu osaloledwa m'nyumba, monga aldicarb amene anthu amati two-step, ndi terbufos, amene anapha ana asanu ndi mmodzi ku Naledi, ku Soweto, mu Okutobala 2024. Nkhuku imatola timibulu timeneti ngati mapira. Mankhwala a nkhono okhala ndi metaldehyde, omwe timauzidwa kumwaza m'maluwa nyengo ino, amaphanso agalu. Khoswe wodya poizoni akadyedwa ndi kadzidzi, kadzidzi nayenso amatha kufa, yemweyo amene timamugenda kuti ndi wa afiti pamene usiku wonse amatigwirira makoswe kwaulere. Nkhono zimatoleka ndi manja madzulo, ndipo makoswe amachepa ukatsekera chakudya cha nkhuku m'chidebe cha chivindikiro.

Amalume aja ali ndi galu, ndipo ankakana katemera ponena kuti amafooketsa ukali, komanso kuti chiwewe n'cha kumudzi. Katemera sachotsa ukali, ndipo lamulo la dziko lino limafuna kuti galu ndi mphaka aliyense abayidwe wa chiwewe. Mu 2024 chiwewe chinapezeka mu nyama za m'nyanja zotchedwa seal m'gombe la Cape, zomwe zija alendo amazijambula padoko la Hout Bay. Agalu a abwana timawayendetsa pamchenga womwewo, ndipo pobwera timadzawachotsa nkhupakupa zomwe nazonso zimachuluka kukafunda. Wofuna thandizo pa galu wake, mabungwe osamalira nyama alipo: la DARG lili konkuno ku Hout Bay, la Cape of Good Hope SPCA lili ku Grassy Park. Amalumewo anati aganizapo kaye. Masamba aja anawathira m'tayala la tomato.