Njinga Yamoto Ikakana Kulira

Kodi munakwerapo njinga yamoto? Anthu ena amaichula kuti honda. Ku Cipata, ku Katete ndi ku Lundazi njinga zimenezi n'zambiri. Zimanyamula anthu, matumba a nshawa, ngakhale odwala opita kucipatala. Koma tsiku lina njinga imakana kulira. Ngati pali mwana wodwala amene akuyembekeza kuinyamuka, limeneli ndi bvuto lalikulu.

Injini siiyamba kuzungulira yokha. Munthu ndiye amaiyambitsa. Ena amaponda citsulo ca m'mbali cochedwa kiki. Ena amakanikiza batani la sitata. Batani limeneli limatumiza magetsi a m'batire ku kamota kakang'ono, ndipo kamotako kamazungulitsa injini.

Kuzungulira kokha sikukwanira. Kuti injini ilire, pafunika petulo, mpweya ndi kamoto kothetheka. Kamotoka kamacokera ku kacitsulo kochedwa pulagi. Kakayatsa petulo, timamva kuti thu thu thu!

Tsopano tiyeni tione zimene a makanika amacita njinga ikabwera kwa iwo.

"Odi, a makanika! Njinga yanga yakana lero," amatero mwini wake.

"Takanikizani batani, bambo, ndimve," amayankha a makanika.

Mwaona? Sayamba ndi kumasula zitsulo iai. Amayamba ndi makutu, cifukwa kulira kwa njinga kumawauza kumene kuli bvuto.

Nthawi zina batani likakanikizidwa, pamamveka cabe kuti ke ke ke. Kawirikawiri ndiye kuti batire yatha mphamvu. Batire ya njinga zambiri imakhala ya mavoti 12. A makanika amayatsa nyale n'kuliza hutala. Ngati nyale ikuwala pang'ono ndipo hutala ikumveka ngati mwana wa mbuzi wotopa, amadziwa kuti batire ifunika kucajidwa. Amayang'ananso mitu iwiri ya batire pamene pamangidwa mawaya. Pamenepa pamamera zoyera ngati ufa. Zimenezi zimatsekereza magetsi. Akazipala n'kumanga mawaya zolimba, njinga ikhoza kulira. Batire ikafooka, kiki ndiyo imathandiza, popeza imagwiritsa nchito mphamvu ya mwendo.

Nthawi zina njinga imangoti zii, osamveka ciliconse. Apa a makanika amaona fyuzi. Fyuzi ndi kawaya kakang'ono kamene kamaduka magetsi akaculuka. Ikaduka, amaikapo ina yofanana nayo. Amaonanso kabatani kofiira kozimitsira injini kamene kali pa cigwiriro ca kumanja. Mwina mwana wina anakagwira posewera. Zikatero, mwini njinga amacita manyazi, poti waikankha mtunda wautali pa kanthu kocepa!

Nanga injini ikamazungulira bwino koma osalira? Funso loyamba ndi lakuti, "Kodi petulo alimo?" Musaseke, anthu ambiri amaiwala. A makanika amatsegula tanki n'kugwedeza njinga kuti amve petulo. Amaonanso ngati kampopi ka petulo n'kotsegula.

Petulo akakhalamo, amamasula pulagi ndi sipanala. Pulagi yabwino imakhala youma, ya mtundu wa khofi. Yodwala imakhala yakuda bii ndi mwaye, kapena yonyowa ndi petulo. Yotere siithetheka bwino. Amaipukuta ndi kaburashi ka waya. Ikakhala yakale kwambiri, amagula ina.

Mpweya nawo uli ndi njira yake. Umadutsa pa sefa isanafike mu injini. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala misewu ya kumudzi imakhala ndi fumbi lambiri. Fumbi likadzaza pa sefa, injini imabanika ngati munthu wa cimfine. A makanika amaicotsa n'kuiyeretsa.

Inu ana, mukhoza kuonerera nchito imeneyi, koma imani patali. Paipi yotulutsa utsi imatentha kwambiri ndipo imawaula mwendo. Madzi a m'batire ali ndi asidi amene amaocha khungu ndi kuboola zobvala. Petulo nayenso sacedwa kuyaka, conco musayatse macisi pafupi ndi njinga.

Yankhani mafunso awa

1. N'cifukwa ciani a makanika amayamba ndi kumvetsera?
2. Kodi pulagi imagwira nchito yanji?
3. Uzani mnzanu zimene mungaone pa batire yofooka.