Dzuwa Lilipo, Koma Likuwomba Ndani?

Mayi wa ku Chilomoni akapita ku Manchester kukagwira ntchito yosamalira okalamba, sachedwa kuuzidwa kuti azimwa vitamini D. Kuyambira 2016, boma la Britain limalangiza aliyense kumwa mamaikulogalamu 10 patsiku kuchokera Okutobala mpaka Malichi, ndipo akhungu lakuda ngati ife akuti chaka chonse. Thupi limadzipangira vitaminiyu dzuwa likawomba pakhungu, koma dzuwa lakumeneko m'nyengo yachisanu limangowala, mphamvu lilibe, ndipo khungu lakuda limachedwa kumupanga. A ku Finland anadzera kwina: kuyambira 2003 amamuthira mumkaka ndi m'majarini.

Kuno mu shuga ndi m'mafuta ophikira amathiramo vitamini A, mumchere ayodini. Kusikelo ya amayi oyembekezera ku Ndirande kapena ku Zingwangwa mumalandira mapiritsi owonjezera magazi ndi Fansidar. Za vitamini D, zii. Ine sindikuonapo mlandu waukulu, pakuti ngakhale bungwe la WHO silinena kuti woyembekezera aliyense azimwa. Mayi wogulitsa tomato pamsika wa Ndirande, kapena wochapa kumtsinje wa Nasolo, dzuwa limamuwomba mpaka kukhuta nalo.

Komatu si tonse tili pamsika. Mu 2020 magazini ya Lancet Global Health inasindikiza kafukufuku wa m'maiko ambiri a mu Africa, amene anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse ali ndi vitamini D wosakwanira, makamaka amayi, makanda ndi okhala m'tauni. Taganizani za mtsikana wa ku Bangwe wogulitsa mushopu ku Limbe. Amakwera minibasi kusanache, amaweruka kutada, ndipo dzuwa lodutsa pagalasi silithandiza kanthu. Lamlungu amayenda ndi ambulera kuopa kuda.

Mkaka wa m'mawere, ngakhale ndi wabwino koposa, vitamini D muli wochepa, n'chifukwa chake ku Britain makanda oyamwa amawadonthezera wa m'kabotolo. Mwana wathu kuno ali kumsana, chipewa kumutu, masokosi kumapazi, shawelo pamwamba, kaya ndi Chiperoni kaya ndi Okutobala.

Amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi agogo. Mayi akasiya kusamba mafupa amayamba kufooka msanga, ndipo khungu lokalamba silipanganso vitaminiyu ngati kale. Ku America muyeso wa patsiku amaukweza kuchoka pa mayunitsi 600 kufika 800 munthu akapitirira zaka 70. Ife timakawatenga agogo ku Thyolo, kumene ankakhalira kumunda ndi kuwothera dzuwa pakhonde, n'kudzawatsekera mumpanda ku Machinjiri kuti apumule. Akadandaula msana ndi chiuno, kapena akavutika kudzuka pamkeka, timati ndi nyamakazi, tiwagulire Panado. Akaterereka pabafa n'kuthyoka chiuno, m'pamene timathamangira nawo ku Gulupu.

Palinso china chimene azungu okhuta mkaka sadera nacho nkhawa kwenikweni. Ntchito ya vitamini D ndi kuthandiza matumbo kuyamwa kashiamu, ndiye kashiamuyo azipezeka m'mbale. Ku Jos, m'dziko la Nigeria, kafukufuku wa mu 1999 anaonetsa kuti ana amatewe ankachira bwino ndi kashiamu kusiyana ndi vitamini D yekha. Nsima ilibe kashiamu wokwanira. Usipa ndi matemba, zodyedwa ndi minga yomwe, ndiye mkaka wathu, kungoti mtengo wake masiku ano ukuluma. Jakisoni wolera wa Depo ndi tenofovir wa m'ma ARV nazonso zimachepetsako mphamvu ya mafupa. Kusiya ayi, koma wozigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri afunseko kuchipatala.

Nanga mlamu wanu akakutumizirani botolo la vitamini D kuchokera ku Manchester? Yambani mwawerenga nambala. Vitamini D satuluka msanga m'thupi, amaunjikana, ndipo akachuluka amawononga impso. A Britain omwewo amati wamkulu asapitirire mamaikulogalamu 100 patsiku, pomwe mabotolo ena piritsi limodzi lokha limaposa pamenepo.